Tsiku Loika Achimwene Ndinali Paphiri

Uthenga woti achimwene anga a Lufeyo atisiya unandipeza Lolemba, ndili kuntchito m'sitolo ya mankhwala ku Govanhill, kuno ku Ulaya. Ndinamaliza kuthandiza munthu amene anali patsogolo panga, ndinamuuza kuti mapiritsiwo azimwa atadya, kenako ndinakalowa m'kachipinda kosungiramo makatoni n'kukhala pansi.

Kupita kumudzi sikunatheke. Pempho langa lowonjezera masiku a chilolezo chokhalira kuno linali lisanayankhidwe, ndipo mtsikana wa ku ofesi yoona za zilolezozo amene ndinalankhula naye pafoni, waulemu wake ndithu, anandiuza kuti ndikangotuluka m'dziko muno pempholo lafa, pobwerera akandibweza pabwalo la ndege. Anapepesa kangapo. Ine ndinamuthokoza, kaya ndinkathokoza chiyani.

Achimwenewa ndiwo anandilera makolo athu atamwalira. Anali kalipentala ku Ntcheu, munthu wosachulutsa mawu, wonunkhira utuchi ngakhale Lamulungu. Pamene ankakwatira alamu anga a Nangozo, ine ndinali kale m'nyumbamo, kamtsikana kapakamwa kozolowera kuti achimwene ndi akeake. Ine ndi alamuwo sitinamwerane madzi kuyambira pachiyambi. Sitinatukwanepo ayi, koma zaka zonsezi tinkangopatsana moni wa pamwamba, ngati anthu okumana kuchigayo.

Maliro anati aika Loweruka, podikira Yamikani, mwana wawo woyamba, amene ankachokera ku Joni pa basi.

Anzanga a kumpingo anabwera Lachiwiri madzulo. Tinadzazana m'fulati yanga yaing'onoyo, ena pamipando, ena pansi. Tinaimba nyimbo zingapo chapansipansi poopa a nyumba yoyandikana nayo amene sachedwa kugogoda khoma. Kenako mmodzimmodzi anayamba kusuzumira mafoni. Wina shifiti, wina ana, wina basi. Sindinawadandaule. Kuno maliro timakhuza jekete lili m'manja. Omaliza kutuluka anali mayi Kalua, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu.

"Mervis mwanawe, Loweruka ubwere kwathu ku Easterhouse. Bambo akunyumba alumikiza foni ku TV, tionere limodzi mwambo wonse."

"Ndamva, amayi."

"'Ndamva' wakoyo ndimamudziwa. Ubwere. Usadzitsekere muno."

Maliro a pa TV ndinali nditawaonapo kale kunyumba komweko, pamene mnzathu wina anataya mayi ake. Netiweki ikaduka bokosi linkaima m'malere, abusa kukamwa kuli yasa, ife makapu a tiyi ali m'manja kudikira kuti chithunzi chiyende. M'chipinda china ana ankasewera magemu, akukuwa m'Chingerezi chawo cha kuno. Ndinadziuza kuti achimwene anga sindiwaona akutsikira m'manda mwa njira imeneyo. Ngati sindili kumudzi, bola ndisakhale kulikonse.

Pansi pa bedi panali chikwama chachikulu ndi tenti zimene anandisiyira Moira, mzungu amene tinkagwira naye ntchito asanasamukire ku Aberdeen. Ndiye anandiphunzitsa kuyenda m'mapiri, kuwerenga mapu ndi kampasi. Koma nthawi zonse tinkapita awiri, ndipo tinkatsata njira zodziwika. Lachinayi m'mamawa ndinabereka chikwamacho n'kulowera kokwerera mabasi ku Buchanan.

Ndinagula tikiti ya basi ya ku Skye kuti ndikatsikire panjira. Tikiti yogula tsiku lomwelo imaluma, koma sindinaganize kawiri. Mpando wanga unali pafupi ndi mayi ena onenepa a tsitsi lofiira, atafungatira katoni yaikulu yoyera pamiyendo ngati khanda.

"Keke ya ukwati," anatero ndisanafunse. "Mwana wa mchemwali wanga akukwatiwa Loweruka ku Portree. Ndapanga ndekha. Dalaivala amati ndiyiike kunsi pamodzi ndi masutikesi, ine ndati bola nditsike." Anayang'ana nsapato zanga. "Inu ndi holide?"

"Eya, holide."

"Mwachita bwino. Munthu umafunika kupumako."

Tinadutsa Dumbarton mvula ikuwaza, n'kulowa msewu wa m'mphepete mwa Loch Lomond. Titangopitirira Tarbet, pamene msewu umapanikizika, thanthwe uku madzi uku, basi inaima. Kutsogolo pakona lole yonyamula mitengo inali itakolana ndi galimoto ya alendo, zija zokhala ndi bedi ndi khitchini mkati. Palibe anavulala, koma palibenso imene inkatha kubwerera m'mbuyo. Tinakhala pamenepo kudikira apolisi mpaka njala ya masana inayamba kumveka.

Kwathu basi ikaima chonchi, pomwepo pamasanduka msika. Amayi a nthochi amangotulukira kutchire, wina amayamba kufotokoza mmene dalaivala walakwira, wina kulalikira, ndipo pochoka mumakhala mutadziwana mpaka mudzi umene aliyense akuchokera. Muno munali zii. Aliyense anaweramira foni yake. Bambo wina kumbuyo anangoti, "Zodabwitsa," n'kutambasula nyuzipepala.

Nanenso ndinatsegula foni yanga. Pagulu la abale athu anali ataikapo zithunzi: chinsalu chabuluu atachikoka pabwalo la achimwene, amayi atakhala pakhonde, ndi anyamata amene achimwene anawaphunzitsa ntchito atavula malaya, akupala matabwa a bokosi. Pansi pake msuweni wathu wina anali atalemba kuti, "Nanga a ku Ulaya atera liti?"

"Pepani, mungandigwirireko?" Anali mayi a keke aja, akufuna kutsika akadzithandize kutchire. Anandisanjika katoniyo pamiyendo. Inali yolemera, yonunkhira mandimu. Ndinaigwira ndi manja awiri, misozi ikutsikira m'khosi mwa jekete chifukwa ndinalibe dzanja lopukutira. Pobwera anandiyang'ana kumaso. Anapisa m'thumba n'kundipatsa switi. Foni ndinaizimitsa pomwepo.

Msewu utatseguka tinathamanga kudutsa Crianlarich. Ku Tyndrum tinaima pang'ono, mzere wa kuchimbudzi utatalika kuposa wa tiyi. Kenako madambo a ku Rannoch, kenako Glencoe, mapiri atafunda mitambo mpaka m'chiuno. Ku Fort William anatiuza kuti maola a dalaivala wathu atha chifukwa cha kuchedwa kuja, tidikire wina. Tinadikiranso, titaima pakashedi kolowa mphepo mbali zonse. Anyamata awiri a zikwama ngati changa anandifunsa ngati ndikukakwera phiri lalitali la pamenepo. Nditati ayi, anabwerera ku nkhani zawo. Mayi aja anakana kutsika. Ndinkawaona pazenera, ali okha m'basi yozimitsa, atakumbatira keke yawo.

Dalaivala watsopano anali mkulu wa ndevu zoyera. Dzuwa litapendeka, tikuyandikira Cluanie, ndinapita kutsogolo kukamuuza kuti nditsika.

"Pano? Muli nokha?"

"Ndili ndekha."

"Alipo akudziwa kumene mukulowera?"

"Mnzanga wina amalidziwa bwino dera lino."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Si zimene ndafunsa," anatero, komabe anatsegula chitseko. "Mitsinje yadzaza sabata ino. Ikakukanizani, musalimbane nayo."

Basi itakhota pakona, phokoso lonse linapita nayo.

Ndinatsata kanjira ka miyala kolowera kumpoto m'chigwa mpaka kuwala kutayamba kuchepa, ndipo ndinakhoma tenti pambali pa kamtsinje. M'mawa mwake, Lachisanu, ndinasiya kanjirako n'kukhotera kumadzulo, kumene mapu ankangoonetsa mizere yothinana ndi timadontho tabuluu. Sindinkafuna kukumananso ndi munthu wondifunsa za holide.

Dziko lopanda njira limayendetsa munthu ngati woledzera. Udzu wake umamera m'timilu. Ukaponda pamwamba kamulu kamapendeka, ukaponda pakati mwendo umalowa m'madzi, ndipo pamene pakuoneka pobiriwira bwino ndi pamene pali dzenje la matope akuda. Dzuwa lisanakwere ndinali nditamira kale mpaka m'bondo, ndipo pozula mwendo nsapato inatsala pansi. Ndinagona chafufumimba, kulowetsa mkono mpaka paphewa, kuifufuza ngati ndikugwira mlamba. Itatuluka ndinaseka. Kuseka kwangako kunandiopsa. Sikunapite kulikonse, kunangogwera pomwepo.

Chimene sindinachizolowere m'mapiri a kuno ndi kusowa kwa utsi. Kwathu phiri lililonse lili ndi eni ake. Ukakwera umapeza wina akutola nkhuni, wina akufunafuna mbuzi yake, kutali uko kautsi ka munthu wootcha makala. Kuno ukhoza kuyang'ana mpaka pamene maso alekezera osaona ngakhale chingwe choyanikapo zovala. Chakumasana ndinaona munthu ataima pamsana pa chitunda. Mtima unadumpha, ine yemwe ndinkathawa anthu. Ndinakweza mkono n'kuugwedeza. Sanayankhe. Ndinakhotetsa ulendo kukwera komweko, thukuta lili kamukamu, n'kukapeza kuti ndi chitsulo chadzimbiri, chotsalira cha mpanda umene unatha kalekale.

Kuseri kwa chitundacho kunali mabwinja: makoma a miyala olekeza m'chiuno, nyumba zingapo zoyandikana, makomo akuonekabe. Moira anandiuzapo kuti m'zigwa zimenezi munali midzi, eni ake anachotsedwa kuti malo akhale a nkhosa. Ndinaima pakhomo pa nyumba imodzi, ndipo pakamwa panga panatuluka pokha kuti, "Odi." Ndinalowa, ndinakhala pamwala pamene ndinaganiza kuti panali pamoto, n'kudya buledi wa chiponde. Ndinkalingalira za anthuwo, kumene analowera, ndi kuti manda awo anasiyira ndani.

Mwezi umenewu nswala zamphongo zimakhala zikulimbirana zazikazi, ndipo kulira kwake sungati ndi nyama yodya udzu. Kumayamba ngati ng'ombe yomangidwa, n'kukathera m'kubangula. Tsiku lonse zinkayankhizana kuchokera phiri ili ndi ilo, koma sindinaone ngakhale imodzi.

Chakumadzulo mvula inabwera yam'mbali. Mtsinje umene pamapu unali kamzere kowonda ndinaupeza ukuchita thovu, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Kumene ndinali kunali dambo lokhalokha, pouma pokhoma tenti panali kutsidya. Ndinayenda chokwera kufunafuna posaya, ndinamasula lamba wa chikwama monga ankanenera Moira, n'kulowa. Madzi ake ankacheka ngati lezala. Ndili pakati mwala unagubuduka pansi pa phazi langa, ndinagwa chammbali, madzi n'kuyamba kundikoka pamodzi ndi chikwama. Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse chanzeru. Ndinangomva mawu anga akukuwa kuti, "Achimwene!" Bondo linagunda thanthwe, ndinalikumbatira thanthwelo, n'kukwawa mpaka kumtunda.

Ndili wamng'ono, mvula ikagwa usiku, achimwene ankandiperekeza mpaka pakhwawa la panjira ya kusukulu. Ankapinda buluku, kundibereka, kundiwolotsa, kenako n'kubwerera ku matabwa awo. Zimenezi ndinali ndisanazikumbukepo zaka zonsezi. Zinandibwerera ndili chigonere pa udzu wonyowa, ndikusanza madzi.

Ndinakhoma tenti manja atauma ndi kuzizira moti zikhomo zinkandigwa. Thumba logonamo linapulumuka chifukwa linali m'pulasitiki, foninso chimodzimodzi, koma machesi anali atasanduka phala. Tiyi panalibe. Ndinavala zouma zimene zinatsala n'kudzikulunga, mano akugundana. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndikanapita ndi madzi aja palibe akanadziwa poyambira kundifunafuna. Kumudzi akanangoti a ku Ulaya ananyanyala maliro.

Loweruka ndinadzuka ndi chinthu chimodzi m'mutu: nthawi ino adzukulu ayamba kale kukumba. Ndinkaona zonse, mitengo ya kumanda, makasu akulandizana, kutentha kwa Okutobala kutayamba m'mawa momwe. Ndiye chinandigwira chimene sindinachiyembekeze. Ndinafuna kuona. Chithunzi chiime, chidukeduke mmene chingadukire, koma ndione bokosi la achimwene. Ndinayatsa foni. Netiweki panalibe ngakhale kadontho.

Kubwerera njira imene ndinadzera kunali ulendo wa tsiku lathunthu, ndiponso mtsinje uja unali pakati. Chotsala chinali kukwera. Kumwera kwanga kunali phiri lalitali limene pamapu linkayang'ana kumsewu, ndipo ndinkadziwa kuti pamwamba pa mapiri otere nthawi zina foni imagwira. Ndinapinda tenti yonyowa, ndinamanga bondo ndi mpango, n'kuliyamba.

Linali lotsetsereka moti pena ndinkakwawa, ndikugwira tizitsamba ndi manja. Ndikakwera pang'ono ndinkatulutsa foni, kuikweza m'mwamba ngati ndikuonetsa munthu, n'kuibwezanso m'thumba. Chapakati nkhungu inatsika. Zonse zinasanduka zoyera, kutsogolo, kumbuyo, mapazi anga omwe ankaoneka ngati a wina. Ndinatsata kampasi mpaka inandifikitsa pansi pa thanthwe loima ngati khoma, lonyowa, lopanda pogwira. Ndinayesa kumanja, kunali phompho. Ndinatsikanso mtunda wonse umene ndinaukwera movutikira, kukazungulira kumanzere kudzera m'miyala yogumuka imene inkatsetsereka nane limodzi. Nthawi inkapita. M'mutu mwanga mwambo unkayenda wokha: tsopano atulutsa bokosi m'nyumba, tsopano akunena mbiri yawo, tsopano kwaya yanyamuka.

"Dikirani," ndinkatero mokweza. "Tadikirani pang'ono."

Nditafika pamsana pa phiri mphepo inandikankha ngati munthu. Ndinabisala kuseri kwa mulu wa miyala, ndipo foni inayamba kunjenjemera m'thumba osalekeza. Mayi Kalua anali ataimba, kuimbanso, kuimbanso. Pagulu la abale chithunzi chomaliza chinali cha mtumbira, dothi lofiira, nkhata pamwamba, anthu akubalalika. Ndinali nditachedwa.

Batire inali itatsala pang'ono. Ndinawalembera mayi Kalua kuti ndili moyo, n'kuwauza msewu umene nditsikireko. Kenako chala chinapita chokha pa nambala ya achimwene. Inaitana nthawi yaitali.

"Halo." Anali alamu, mawu atasasa.

"Alamu, ndine Mervis."

"Ndaona dzina." Kumbuyo kwawo ndinkamva mbale zikugundana, mwana akulira, tambala chapatali. "Taika, alamu. Agona pafupi ndi amayi."

"Pepani, alamu. Ine sindina..."

"Chikuwomba chonchocho n'chiyani? Muli pamsewu?"

"Ndi mphepo. Ndili paphiri."

"Paphiri? Mukutaniko? Muli ndi ndani?"

"Ndili ndekha."

"Nokha? Tsiku la lero?"

Ndinadikira kuti andikalipire, ndipo ndikanalandira. Koma anangousa moyo.

"Inenso anthu adzaza bwalo lonseli, koma ndathawira kuno kushedi kwawo. Ndakhala pamulu wa matabwa. Zida zili mmene anazisiyira Lolemba. Sindikudziwa kuti azichotsa ndani."

Ine ndinkamva kumudzi, iwo ankamva mphepo. Ndinaphimba foni ndi chikhatho kuti isanyowe.

"Kumanda kuja," anayambanso, "poika nkhata, woitana maina anaitana ine, ndinaika. Anaitana Yamikani ndi azing'ono ake, anaika. Kenako anati, 'Mchemwali wa malemu, mayi Mervis.' Ndi wa mudzi wina, sanamuuze kuti simunabwere. Anaitananso kachiwiri. Anthu anayamba kucheukacheuka, ena kunong'onezana."

Ndinatseka maso. "Ndiye?"

"Ndiye ndinadzuka. Amayi amene ankandigwiriziza amati ndikhale pansi, ndaika kale. Ndinati ndisiyeni, mwana ameneyu wakulira m'manja mwanga, ngakhale anali wamwano. Ndinatenga nkhata yanu n'kukaika kumutu. Ndinawauza kuti, 'Bambo a Yamikani, uyu ndi Mervis, wabwera.'"

Chimene chinatuluka m'khosi mwanga sindinachimvepo chibadwire. Ndinagwada pamiyala yonyowayo, foni ili kukhutu, n'kulira mmene amalirira kwathu, motchula dzina.

"Lirani, alamu, ine ndili pompano," ankatero. "Lirani ndithu. Koma mukatha mutsike bwinobwino, mwamva? Maliro ena ine sindingakwanitse."

Foni inazima ndisanayankhe. Ndinakhalabe nayo kukhutu kwa kanthawi. Kenako nkhungu inang'ambika pang'ono, ndipo pansi patali ndinaona msewu uli ngati ulusi, kagalimoto koyera kakukwawa pamenepo. Ndinapukuta kumaso ndi mkono wa jekete, ndinamanganso bondo, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono, ndikuyesa mwala uliwonse ndisanauponde.